"Kudya katatu": mawu a nduna amene adafika pa Ulongwe atasiya mwini wake m'njira

ULONGWE — Pali mawu awiri amene zaka zapitazi akhala akuyenda m'misika ya m'boma la Angónia ngati ndalama yachitsulo, kuchoka m'dzanja ili kulowa m'dzanja ilo. Mawuwo ndi akuti "kudya katatu". Wogulitsa mbatatesi pa Ulongwe amawadziwa, wanjinga yamoto wonyamula anthu kupita ku Domwe amawadziwa, ngakhalenso agogo amene sadagwirepo foni chibadwire adawamvapo. Koma pakabuka funso lakuti adawayankhula ndani, nanga ankanena za chiyani, mayankho amasiyana. Ena amati ndi nduna ya ku Maputo, ena amati ayi, ndi andale a ku Malawi. Chodabwitsa n'chakuti onsewa palibe akunama.

Mbali ya kuno nkhaniyi idayamba m'chaka cha 2023. A Celso Correia, amene panthawiyo adali nduna ya za ulimi ndi chitukuko cha kumidzi m'boma la Prezidenti Filipe Nyusi, adanena pagulu kuti anthu pafupifupi 90 mwa 100 alionse m'dziko la Moçambique ali ndi chakudya chokwanira, moti akutha kudya katatu pa tsiku. Ndunayi ndi imene inkayendetsa Sustenta, ndondomeko ya boma yothandiza alimi imene idayamba mu 2017 ndi kufalikira dziko lonse mu 2020. Tsono mawuwa adali ngati mlimi akuloza nkhokwe yake, kuti taonani zimene khasu langa lachita.

Masiku ochepa okha, mawuwo adali atachoka m'manja mwake.

Kodi 90 ameneyu adachokera kuti?

Chiwerengerochi sichidagwe kumwamba ngati matalala. Ofesi ya boma yoona za chakudya, ya SETSAN, mothandizana ndi mabungwe a United Nations, imawerenga chaka ndi chaka anthu amene njala yawafika pakhosi. Kawerengedwe ka miyezi ya Novembala 2022 mpaka Malichi 2023 kadapeza kuti anthu otere adali pafupifupi 3 miliyoni, m'dziko la anthu opitirira 30 miliyoni. Kumeneko ndi kunena kuti munthu mmodzi mwa 10. Mwana wa sukulu akachotsa 10 pa 100 amapeza 90, ndipo 90 wa ndunayo akugwirizana ndi masamu amenewa.

Vuto lili pa zimene kawerengedweko kamayeza. Amene amalembedwa m'gulu la 10 lija ndi mabanja amene afika podumpha chakudya, kapena amene akupulumuka pogulitsa mbuzi, njinga ndi mbewu imene adasungira dzinja. Banja limene likudya nsima ya gaga kamodzi masana, madzulo n'kugonera maungu, koma silidayambe kugulitsa katundu, likhoza kutsala kunja kwa gululo. Zili ngati chipatala chiwerenge odwala amene agonekedwa, kenaka wina alengeze kuti onse amene sadagonekedwe ndi amphamvu, akhoza kusenza thumba la feteleza. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 adapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira chifukwa chosowa chakudya choyenera. Ana amenewa ambiri ali m'mabanja a m'gulu la 90.

Anthu a ku Angónia sadafunikire malipoti kuti aone zimenezi. Dera lino limatchuka kuti ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete: chimanga, nyemba, soya, mbatatesi, kabichi ndi fodya zimachoka kuno m'malole. Koma aliyense amadziwa kuti chimanga chimene chimagulitsidwa motchipa mu Meyi ndi Juni pofuna kubweza ngongole ya feteleza ndi kugulira ana makope, chimabweranso mu Januwale ndi Febuluwale mtengo utakwera, mwini wake akuchigula ndi ndalama ya ganyu. M'miyezi imeneyo kadzutsa amayamba kusowa, nkhomaliro n'kusunthira cha m'ma 3 koloko kuti ilowenso m'malo mwa mgonero. Pamenepa ndi pamene padagona mphamvu ya mawu a ndunayo. Wandale akanena za ngongole za dziko kapena za gasi wa ku Cabo Delgado, mlimi alibe sikelo yoyezera. Koma akanena za kudya katatu, sikelo ili m'khitchini mwa aliyense: ndi mphika.

Ulendo wa mawu

Achinyamata ali ndi dzina la mawu kapena chithunzi chimene chimafala chonchi pa intaneti, aliyense akuchisintha pang'ono: amati meme. Dzinali adaliyambitsa ndi katswiri wa sayansi wa ku Britain, Richard Dawkins, mu 1976, pofotokoza maganizo amene amapatsirana pakati pa anthu monga mbewu imene mlimi amapempha kwa mnansi wake. Koma chinthucho n'chakale kuposa dzina. Nyimbo ya pamtondo yonyoza mkamwini waulesi inkayenda midzi yambiri popanda wodziwa amene adaipeka.

Chimene chasintha ndi liwiro, ndiponso mmene mawuwo amadulidwira. Nduna ikayankhula kwa mphindi zambiri, wailesi yakanema imaonetsa kachigawo chabe. Wina ku Maputo kapena ku Beira amajambula kachigawoko pa foni yake, n'kudula pamene pakumusangalatsa, mwina masekondi 20, n'kuika pa Facebook. Wachiwiri alibe mamega oonera kanema, choncho amangotenga chithunzi cha nkhope ya ndunayo n'kulembapo mawu atatu a Chipwitikizi: "três refeições diárias". Wachitatu amachotsa nkhopeyo, n'kuikapo mbale yopanda kanthu kapena galu woonda. Pofika apa dzina la nduna lagwa, tsiku lagwa, 90 uja wagwa, mawu akuti "pafupifupi" adagwa kalekale. Chatsala ndi fupa lokha, ndipo fupalo ndi limene limayenda mtunda wautali, popeza ndi lopepuka: chithunzi sichidya mamega ambiri.

Polowa m'boma la Angónia, chithunzi chotere chimadzera mwa anthu amene ali ndi mwendo umodzi m'tauni: aphunzitsi, anamwino, ophunzira za ulimi pa UniZambeze pa Ulongwe, amalonda okwera chapa kupita ku Tete, ndi ana amene ali ku Joni. Magulu a WhatsApp a pabanja, a mpingo ndi a ogulitsa mbewu ndiwo misewu yake. M'dziko muno anthu ogwiritsa ntchito intaneti ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu, ndipo kumidzi ndi ochepa kuposa pamenepo ngakhale kuti nsanja za Movitel, zimene zidayamba kumangidwa cha m'ma 2012, zidafika kutali. Koma foni imodzi pa bawo imaonedwa ndi maso a anthu khumi. Mnyamata woika nyimbo m'mamemori kadi amawonjezerapo timakanema toseketsa ngati basela. Wina amatumizira mnzake pa Bluetooth osalipira kanthu.

Kenaka pamabwera sitepe yaikulu kuposa onse, imene anthu a ku Maputo saiona: kumasulira. Mwini foni amawerenga Chipwitikizi, n'kutembenukira anzake, n'kunena m'Chichewa. Kuchokera pamenepo mawuwo safunanso batire. Amapita kudimba, kuchigayo, kumaliro. Mlendo akafika pakhomo nthawi ya njala, mwini nyumba m'malo mopepesa kuti ufa watha, akhoza kungoti lero tadya kale katatu, ndipo onse amamvana. Mwana wolira njala amauzidwa kuti adikire chachitatu. Munthu amaseka, koma mawuwo agwira ntchito imene kale inkafuna manyazi ambiri: kuvomera pamaso pa mlendo kuti pakhomo palibe chakudya, popanda kudzinyoza kuti ndiwe mlesi. Mlandu wapita kwa amene adati zonse zili bwino.

Adapeza mpando uli woyala kale

M'madera ena a dziko lino mawuwa adayenera kufunafuna chilankhulo. Kuno adapeza Chichewa chake chili chokonzeka, chifukwa chidadutsa kale malire kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Pa chisankho cha ku Malawi cha pa 23 Juni 2020, mgwirizano wa Tonse wa a Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima udalonjeza ntchito 1 miliyoni, feteleza wa K4,495 pa thumba, ndiponso kuti Amalawi azidya katatu pa tsiku. Lonjezo lomalizali lidamatirira makamaka pa a Chilima, Mngoni wa ku Ntcheu, amene misonkhano yawo inkamveka bwino lomwe pa mawailesi a m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano. Mitengo itakwera ndipo kwacha itagwa, Amalawi adatembenuza lonjezolo kukhala chitonzo. Pa Lizulu ndi pa Biriwiri, pamene msewu wa tala ndiwo malire, wogula ndi wogulitsa amaseka nthabwala imodzi, wina ali ndi kwacha m'thumba, wina metikali. Ambiri a m'mbali mwa malire ali ndi makadi awiri m'foni, ya Movitel kapena Vodacom ndi ya Airtel kapena TNM, moti zithunzi za ku Lilongwe ndi za ku Maputo zimagona m'foni imodzi.

Komatu mawu awiriwa sadali amodzi. A ku Malawi adati mudzadya katatu, limene ndi lonjezo, ndipo lonjezo likalephereka munthu amadikira chisankho. A ku Maputo adati mukudya katatu, umene ndi umboni, ndipo umboni wotere ukalowa m'mabuku a boma umakhudza chimanga cha chithandizo, popeza wokhuta sapatsidwa thumba. Meme idameza kusiyana kumeneku. Pa chithunzi palibe "mudza-" kapena "muku-", pali "kudya katatu" basi. A Chilima adamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 ndipo adaikidwa ku Nsipe, koma mawuwo sadaikidwe nawo limodzi.

Akuluakulu amene adathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, amakumbukira mtsogoleri winanso amene ankakonda nkhani yomweyi. Dr. Kamuzu Banda ankabwereza pa misonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Ndipo ankati zimenezi zatheka. Panthawiyo woseka mawu amenewo ankayamba wayang'ana kumbuyo, kuopa a payoniya. Nthabwala zidalipo, koma zinkathera m'nyumba.

Bonongwe ndi patrau

A Correia sadali oyamba kulumidwa ndi mawu awo. Chilala cha 2016 chitangodutsa, boma ku Maputo lidalimbikitsa anthu kulima ndi kudya tseke. Mafoni adadzaza ndi zithunzi za tseke: tseke pa ukwati, tseke m'botolo, tseke m'malo mwa malipiro. Anthu a kuno atafunsa kuti tseke n'chiyani, adapeza kuti ndi bonongwe, amene amamera yekha kuseri kwa khola. Kunena zoona, malangizowo sadali oipa, bonongwe ndi ndiwo yopatsa thanzi. Chimene chidapweteka ndi nthawi yake. Chaka chomwecho cha 2016 ndi pamene zidaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, metikali idagwa, mitengo idakwera. Tsono amene adakongola mobisa ndiwo ankaphunzitsa amayi kutchola bonongwe. Ku Malawi nako, chaka chomwecho, Prezidenti Peter Mutharika adanyozedwa atauza anthu kuti asamangodalira nsima pamene kuli mbewa ndi zitete.

Koma mawu amene adagonera kwambiri ndi a Prezidenti Nyusi. Polumbira pa 15 Januwale 2015 ku Maputo, iwo adati: "O povo é o meu patrão", kutanthauza kuti anthu ndiwo bwana wanga. Tsiku limenelo anthu adaomba m'manja ndi mtima wonse. Akale adati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo awa adagonera zaka 10, koma kukoma kwake kudali kwina. Mafuta akakwera mtengo, aphunzitsi akachedwa kulandira, chithunzi chinkatuluka: patrau ali pansi wapanda nsapato, wantchito wake akudutsa m'galimoto za masaireni. Palibe chimene adawonjezera opanga zithunzizo. Ankangobweza mawu kwa mwini wake pa tsiku limene iye sakadafuna kuwamva.

Msewu womwewo umanyamulanso mabodza

Pano ndi pofunika kuchenjera. A Correia adayankhuladi, a Nyusi adayankhuladi, makanema alipo. Koma munthu amene wazolowera kukhulupirira chithunzi cha nkhope yokhala ndi mawu pansi pake, adzakhulupiriranso chithunzi chimene mawu ake adalemba mnyamata wina ali pa bala. Kupanga chithunzi chotere sikutenga mphindi zisanu, ndipo masiku ano makompyuta akutha kutsanzira ngakhale liwu la munthu. Chinyengochi n'chakale. Ku France anthu akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mfumukazi Marie Antoinette, itamva kuti osauka alibe buledi, idati adye makeke. Akatswiri a mbiri sadapeze umboni wakuti idanenadi zimenezo. Mfumukaziyo idadulidwa mutu mu 1793, ndipo mawu amene sidanene akadali pa dzina lake.

Anthu a m'malire akudziwa mtengo wa mphekesera. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idayenda pakamwa ndi pa mafoni ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Zambézia, ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Pali zizindikiro zimene wolandira uthenga akhoza kuyang'ana asanaupititse. WhatsApp imalemba pamwamba pa uthenga kuti ndi wotumizidwa kuchokera kwina, ndipo ukadutsa m'manja ambiri imaikapo mivi iwiri. Kuyambira 2020 uthenga wa mivi iwiri umatumizika kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi lokha pa nthawi imodzi. Mawu enieni a nduna amakhala ndi tsiku ndi malo, ndipo amamvekanso pa Rádio Moçambique kapena pa wailesi yakanema. Mawu amene ali pa chithunzi chokha, wailesi ili chete, ndi ofunika kuwakayikira.

Palinso ngozi ina, ya wotumizayo. Gulu la WhatsApp si kuseri kwa nkhokwe. Mu 2022 namwino wina wa ku Ntcheu adamangidwa chifukwa cha zimene adalemba m'gulu lotere zokhudza Prezidenti Chakwera, pogwiritsa ntchito lamulo la ku Malawi la 2016 la mauthenga a pa makina. Kuno nambala iliyonse ya foni idalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Lamulo limeneli lidabwera pambuyo pa zipolowe za mtengo wa buledi za pa 1 ndi 2 Seputembala 2010 ku Maputo, zimene anthu adaitanizana pa mauthenga a SMS, ndipo masiku amenewo ma SMS adatsekedwa. Mphunzitsi kapena namwino wolandira malipiro a boma amadziwa chifukwa chake chithunzi chimaseketsa kwambiri chikachotsedwa nkhope n'kutsala mbale: mbale siyikadandaula kwa mkulu wa ofesi.

Pamene miphika idalira

Kuti maboma amaziopa nthabwalazi zidaoneka mu 2024. Chaka chimenecho chilala cha El Niño chidapsereza minda m'madera ambiri a chigawo cha Tete, ndipo ku Malawi boma lidalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Mu Meyi bungwe la INCM, loyang'anira mafoni, lidasintha mitengo moti mamega adakwera. Achinyamata adaguba ku Maputo ndipo boma lidabweza ganizolo. Kenaka kudabwera chisankho cha pa 9 Okutobala, kuphedwa kwa loya Elvino Dias ndi a Paulo Guambe pa 19 Okutobala, ndi zionetsero zimene a Venâncio Mondlane ankaitanitsa pa Facebook ali kunja kwa dziko. Pa 25 Okutobala intaneti ya m'mafoni idazimitsidwa, ndipo masiku otsatira WhatsApp ndi Facebook zinkatsekedwa. Anthu a m'mbali mwa malire, amene khadi yawo yachiwiri imagwira nsanja za ku Malawi, adali ndi khomo limene a m'tauni adalibe.

Mu Novembala anthu a m'mizinda adayamba kutuluka pakhomo usiku ndi kuomba miphika ndi zipande. Zionetserozo zidali za mavoti, ndipo anthu mazana adafa miyezi imeneyo, moti sichingakhale choona kunena kuti nthabwala ya chakudya ndiyo idazibweretsa. Koma chida chimene anthu adasankha chinkanena zake. Mphika wodzaza sulira.

A Daniel Chapo adalumbira kukhala Prezidenti pa 15 Januwale 2025, zaka 10 ndendende chilankhulire a Nyusi mawu a patrau aja. M'boma latsopanolo a Correia sadalinso nduna. Unduna wa za ulimi udapita kwa a Roberto Albino. Ku Malawi, a Chakwera adagonja pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, ndipo amene adabwerera pa mpando ndi a Mutharika, eni ake a mbewa ndi zitete. Zithunzi zakale sizidafufutidwe m'mamemori kadi, ndipo anyamata oziika aja ntchito yawo ndi yochepa: amangosintha nkhope.